Madayinoso a Jamila Apita Kunyanja

Jamila anali ndi madayinoso asanu. Asanu, osati anayi. Ukalakwitsa n'kunena kuti anayi, mwayambana. Jamila ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti asanuwo azikhala pamodzi, pawindo lake.

Kodi dayinoso n'chiyani? Ndi nyama yakalekale. Inali padziko anthu asanakhalepo. Lero kulibe ndi imodzi yomwe. Zatsala ndi mafupa ake ndi zidole zake basi. Zidole za Jamila zinali zapulasitiki.

Jamila ankakhala kwa Mwambo, pafupi ndi Nyanja ya Chilwa. Bambo ake, Che Sumaili, anali msodzi. Mayi ake ankagulitsa kaunjika kumsika wa Songani. Jamila ankawaitana kuti Ababa ndi Amama.

Belo la zovala likabwera, Jamila anali ndi ntchito. Ankapisa m'matumba onse. M'thumba la jekete. M'thumba la kabudula. M'thumba la diresi. Nthawi zambiri ankapeza batani. Nthawi zina ankapeza kapepala. Nthawi zina ankangopeza fumbi. Koma tsiku lamwayi, ankapeza dayinoso!

Asanuwo anawatolera zaka ziwiri zathunthu. Aliyense anamupatsa dzina.

Chimano anali wofiira. Anali ndi mano aakulu ndi timanja tating'ono.

Nyangatatu anali wachikasu. Nyanga zake zinalidi zitatu.

Chiminga anali wakuda. Msana wake unali minga yokhayokha.

Chimapiko anali wotuwa. Anali ndi mapiko ngati a mleme.

Ndiye panali Chikhosi. Chikhosi anali wobiriwira. Anali ndi khosi lalitali, lalitali, ndi kamutu kakang'ono pamwamba.

Tsiku lina aphunzitsi ake, a Lyson, ananena chinthu chodabwitsa.

"Ana inu, mafupa a dayinoso wa khosi lalitali anawafukula ku Karonga," anatero a Lyson. "Konkuno ku Malawi."

Jamila atafika kunyumba, anamuyang'ana Chikhosi.

"Kani ndiwe wakwathu!" anatero Jamila.

Kuyambira tsiku limenelo, Chikhosi ankaima pakati. Jamila ankawakonda onse. Koma tisanamizane, Chikhosi ankamukonda kwambiri.

Lachitatu m'mawa, Jamila anaona fumbi pa madayinoso. Anatunga madzi m'beseni. Anawaika onse m'madzimo. Onse asanu anayandama. Ankagundana mitu ngati abakha.

"Jamila! Tachedwa kusukulu!" anafuula mnzake Emma kumsewu.

Jamila anatola mabuku. Anathamanga. Madayinoso anatsala m'beseni.

Masana Jamila anabwerako. Anapita pabeseni paja. Munali madzi okhaokha.

Jamila anafuna pawindo. Palibe. Anafuna pansi pa nkhokwe. Palibe. Anafuna kuseri kwa nyumba. Palibe. Anasuzumira ngakhale m'khola la abakha. Abakha anangomuyang'ana.

"Amama, madayinoso anga ali kuti?" anafunsa Jamila.

Amama ankapinda zovala pakhonde.

"Ukafunse bambo ako," anatero Amama. "M'mawa ndinawaona ataima pabeseni. Ankaseka okha."

Jamila anakhala pakhonde. Anadikira. Anadikira. Dzuwa litapendeka, Ababa anatulukira. Anali ndi dengu la matemba panjinga.

Jamila anawalandira dengu. Anawapatsa madzi akumwa. Kenako anafunsa.

"Ababa, mwaonako madayinoso anga?"

"Ma chiyani?" anafunsa Ababa.

"Zidole zanga. Zinali m'beseni."

"Oho, abuluzi aja!" anatero Ababa, akuseka. "Ali kunyanja. Ndawalemba ntchito."

Jamila anangoti kukamwa yasa.

Ababa anafotokoza mosangalala. Iwo ankapha nsomba ndi miono. Mono ndi dengu lotchera nsomba. Mono umakhala pansi pa madzi. Msodzi amaumanga chingwe. Kumapeto kwa chingwe amamangako chinthu choyandama. Akachiona, amadziwa kuti mono uli pamenepo. Asodzi onse ankamangako mapatapata oduka.

"Vuto lake ndi limeneli," anatero Ababa. "Patapata wanga, patapata wa msodzi mnzanga Edwadi, onse n'chimodzimodzi. Dzana ndinavuula mono wa Edwadi. Ndimayesa ndi wanga. Tinatsala pang'ono kukokana malaya! Ndiye lero ndaona abuluzi ako akuyandama. Ndati eee, mankhwala ake ndi amenewa. Buluzi wofiira, nyanja yonse, ndi wa Sumaili yekha!"

Jamila anayang'ana pansi. Mwana sakalipira bambo ake. Choncho analankhula motsitsa.

"Si abuluzi, Ababa. Ndi anga. Simunandipemphe."

"Kupempha?" Ababa anaseka. "Tinthu ta m'matumba a kaunjika?"

Mawu amenewo anamupweteka Jamila. Anamupweteka ngati munga wa mlamba. Koma sanalire.

"Ndikuwafuna, Ababa," anatero Jamila. "Onse asanu."

"Nanga ndikawachotsa, miono yanga ndiziidziwa bwanji?" anafunsa Ababa. "Undipezere zina zoyandama. Zikhale zosiyana ndi za anzanga. Ukatero, abuluzi ako abwera."

Ababa anapita kukasamba. Ankayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Kalanga ine, mwana wawo yemwe sankamudziwa!

Jamila analowa m'nyumba. Pawindo panali pululu. Anakhala pansi n'kuyamba kuganiza. Anaganiza. Anaganiza. Anayang'ana mapazi ake. Anayang'ana patapata wake. Kenako anadzuka msangamsanga.

"Ndadziwa chochita!" anatero Jamila.

Lachinayi atachoka kumadrasa, Jamila anapita kwa Emma.

"Emma, ndithandize," anatero Jamila. "Ndikufuna mapatapata oduka. Asanu."

"Oduka? Uchite nawo chiyani?"

"Tiye, uona."

Anapita pamjigo. Anapeza mmodzi m'matope.

Anapita kuchigayo. Anapeza wina kuseri kwa khoma.

Anapita kuminda ya mpunga ya ku Likangala. Anayenda m'mbali mwa ngalande. Anayenda mpaka miyendo inawawa. Anapeza awiri atakodwa m'udzu.

Ana ena anawaona. Anayamba kuwaseka.

"Taonani! Jamila wayamba kutola zinyalala!"

Emma anachita manyazi. Jamila sanatembenuke n'komwe. Iye ankangowerenga.

"Mmodzi, awiri, atatu, anayi. Watsala mmodzi."

Anafuna kumsewu. Palibe. Anafuna kubwalo la mpira. Palibe. Ukafuna chinthu, ndiye chimabisala. Masiku ena mapatapata oduka amangoti mbwee paliponse!

"Ndatopa," anatero Emma. "Anayi akwana."

"Asanu," anatero Jamila.

Anabwerera kwa Emma. Mayi ake a Emma, Mayi Virginia, ankapeta mpunga. Phazi lina linali ndi patapata. Phazi lina linali pansi. Patapata winayo anali chagada pambali.

Jamila anagwada.

"Amayi, kodi ndingatenge patapata uyo?"

Mayi Virginia anaseka.

"Ameneyo waduka kachitatu. Ndamumanga ndi waya, wakana. Tenga, mwanawe."

"Asanu!" anatero Jamila.

Lachisanu masana, Jamila anatenga khala. Anajambula dayinoso pa patapata woyamba. Amama anatenga mpeni. Anadula motsata mzere wa khala. Emma anayang'ana. Anayamba kuseka mpaka kugwa.

"Ameneyu ndi dayinoso kapena nkhuku?" anafunsa Emma.

Jamila anayang'anitsitsa. Zoona, inali nkhuku. Nkhuku yonenepa.

"Amama, tichepetse mimbayi," anatero Jamila. "Tidule mano apa."

Anajambulanso. Amama anadulanso. Tsopano mano anaoneka. Anali Chimano weniweni.

Jamila anajambula wa nyanga. Amama anadula.

Jamila anajambula wa minga. Amama anadula.

Jamila anajambula wa mapiko. Amama anadula.

Wa khosi lalitali anavuta kwambiri. Khosi linkafuna kuduka. Amama anadula pang'onopang'ono. Jamila anayang'anitsitsa mpaka Amama anamaliza.

Ababa atabwera, Jamila anayala asanuwo pamkeka.

"Ababa, zoyandama zanu ndi izi," anatero Jamila. "Ndi zosiyana ndi za anzanu."

Ababa anayang'ana. Anayang'ananso. Lero sanaseke. Anangokanda mutu.

"Wachita bwino," anatero Ababa. "Mawa ndikasintha."

"Ndipita nanu," anatero Jamila.

"Iwe? Mwana wamkazi m'bwato?"

Amama anakweza mutu.

"Bambo a Jamila, miono yanu ili pafupi," anatero Amama. "Madzi ake ndi olekeza m'chiuno. Munatenga nokha zinthu za mwana. Musiyeni akatenge yekha."

Ababa anayang'ana kumbali. Anakandanso mutu. Jamila anadabwa. Kodi Ababa agwidwa nsabwe?

"Chabwino," anatero Ababa. "Koma mwera ukayamba kuomba, tibwerera. Mphepo imeneyo sisewera."

Loweruka m'mawa anafika padoko. Jamila anamanga mpango wake zolimba. Mapatapata asanu anali m'jumbo.

Edwadi, msodzi uja, ankakonza ukonde.

"Che Sumaili!" anafuula Edwadi. "Mwabwera ndi kapitawo lero?"

"Wabwera kudzatenga ziweto zake," anayankha Ababa.

Jamila anakwera m'bwato. Bwato linapendekera uku. Linapendekera uko. Jamila anachita mantha kwambiri. Anagwira m'mbali mwa bwato ndi manja onse awiri.

"Kodi tibwerere?" anafunsa Ababa.

"Ayi," anatero Jamila.

Ababa anaima kumbuyo. Anali ndi nsungwi yaitali. Ankaizika pansi n'kukankha. Bwato linkayenda. Madzi anali otuwa ndi matope. Pambali panali njedza, udzu wautali wa m'nyanja. Bwato linkadutsa m'mphepete mwa njedzamo.

Kenako Jamila anaona kanthu kofiira.

"Chimano!" anafuula Jamila.

Chimano ankayandama, chingwe chili m'chiuno. Mano ake anali panja monga mwa masiku onse. Ababa anavuula mono. Anakhuthula matemba. Anaikamo madeya atsopano, nyambo ya nsomba. Jamila anamasula Chimano. Anamangapo patapata wa mano.

"Mmodzi!" anatero Jamila.

Bwato linanyamukanso. Linagwedezekanso. Mantha aja anabwereranso. Kuti aiwale mantha, Jamila anayamba kuwerenga. Ababa akakankha kamodzi, iye ankadina chala chimodzi pabwato. Akakankhanso, ankadina china. Dzanja lamanja linatha. Dzanja lamanzere linatha. Zala khumi.

Pomwepo anaona kanthu kachikasu.

"Nyangatatu!"

Tombolombo anali atatera panyanga yapakati. Jamila anamuthamangitsa. Anamasula Nyangatatu. Anamangapo patapata wa nyanga.

"Awiri!"

Ababa anakankha. Jamila anawerenga. Dzanja lamanja linatha. Dzanja lamanzere linatha. Zala khumi.

"Chiminga!"

Chiminga anali atavala ndere thupi lonse. Jamila anamutsuka. Anamangapo patapata wa minga.

"Atatu!"

Ababa anakankha. Jamila anawerenga. Zala khumi.

"Chimapiko!"

Chimapiko ankayandama chagada, miyendo m'mwamba. Jamila anaseka. Mantha anali atathawa. Anamangapo patapata wa mapiko.

"Anayi!"

Jamila anatulutsa patapata womaliza. Anayang'ana kutsogolo. Koma bwato linayamba kutembenuka.

"Basi, tizipita kumtunda," anatero Ababa.

"Ababa, nanga Chikhosi?"

Ababa anakandanso mutu. Anayang'ana nsungwi. Anayang'ana kumwamba. Anayang'ana paliponse, kupatula kwa Jamila.

"Ababa, Chikhosi ali kuti?"

Ababa anakhala pansi m'bwato. Analankhula motsitsa.

"Wobiriwira uja ndi woterera," anatero Ababa. "Chingwe chinkangovuka. Ndiye ndinawotcha msomali. Ndinamuboola pamimba. Ndinapisamo chingwe."

"Munamuboola?"

"Madzi analowa pabowopo. Dzulo ndinabwera, palibe. Wamira. Mono wanganso wasowa naye limodzi. Ndinachita manyazi kukuuza."

Apa ndiye Jamila analira. Analira zenizeni. Misozi inagwera pa madayinoso anayi aja. Ababa anangoti zyoli.

Kenako Jamila anapukuta misozi ndi mpango. Anapuma mwamphamvu.

"Timufune," anatero Jamila.

"Ndinamufuna dzulo, mwanawe."

"Dzulo munali nokha. Timufune."

Ababa anaimirira. Anakankha bwato kupita kutsogolo.

"Panali cha apa," anatero Ababa.

Anapisa nsungwi m'madzi. Anakokera uku ndi uko. Anakweza. Matope okhaokha.

"Kapena cha apo."

Anapisanso. Anakweza. Muzu wa njedza.

"Kapena uko."

Anapisanso. Anakweza. Chitini chadzimbiri.

Njedza yonse inali yofanana. Madzi onse anali ofanana. Ababa anazungulira mpaka thukuta linatsika.

Kenako njedza inayamba kulira. Waaa. Waaa. Mpango wa Jamila unayamba kuuluka. Timafunde tinamenya bwato.

"Mwera uja ndi umenewu," anatero Ababa. "Tiyenera kupita."

"Tibweranso mawa?" anafunsa Jamila.

Ababa anapukusa mutu.

"Mwera umavundula matope. Pofika mawa chingwe chidzakhala chitakwiririka. Sitidzamuonanso."

Jamila anaweramitsa mutu. Anagwiranso m'mbali mwa bwato. Anayang'ana zala zake. Zala khumi. Anaziyang'anitsitsa.

"Ababa!" anafuula Jamila. "Tibwerere pa mono wachinayi!"

"Kukatani?"

"Inu mumakankha kakhumi. Mukachoka pa mono, mumakankha kakhumi. Ndiye mumafika pa mono wina."

"Ine?" Ababa anadabwa. "Ine sindiwerenga. Manjawa anangozolowera."

"Inu simuwerenga," anatero Jamila. "Koma ine ndawerenga. Katatu konse."

Ababa anayang'ana mafunde. Anayang'ana Jamila. Anatembenuza bwato.

Anafika pa patapata wa mapiko.

"Kankhani monga mwa masiku onse," anatero Jamila. "Musafulumire."

Ababa anakankha. Jamila anadina chala. Ababa anakankha. Jamila anadina china. Dzanja lamanja linatha. Dzanja lamanzere linatha.

"Imani! Ndi pano!"

Ababa anapisa nsungwi. Anakokera uku. Anakokera uko. Anakweza. Palibe.

"Waona?" anatero Ababa mwachisoni. "Tayesetsa, Jamila."

Jamila anafuna kuliranso. Koma anadziletsa. Anayang'ana uku ndi uko. Njedza inali patali.

"Ababa, miono ina ija inali pafupi ndi njedza," anatero Jamila. "Pano tili patali. Mphepo yatikankha."

Ababa anayang'ana. Zinalidi choncho.

"Tiyesenso," anatero Jamila. "Chonde, Ababa."

Funde lina linamenya bwato. Madzi anathovukira m'kati. Diresi la Jamila linanyowa.

"Kamodzi kokha," anatero Ababa. "Komaliza."

Anabwereranso pa patapata wa mapiko. Ulendo uno Ababa anayenda mokhudza njedza. Jamila anawerenga mokweza.

"Chala choyamba! Chachiwiri! Chachitatu!"

Mphepo inaomba. Ababa analimbikira.

"Chachinayi! Chachisanu! Dzanja latha!"

Mphepo inaombanso. Ababa anazika nsungwi zolimba.

"Zatsala zinayi! Zatsala zitatu! Zatsala ziwiri! Chatsala chimodzi! Imani!"

Ababa anaimitsa bwato. Anapisa nsungwi. Anakokera kumanja. Palibe. Anakokera kumanzere. Nsungwi inakodwa.

"Pali kanthu," anatero Ababa.

Anakweza pang'onopang'ono. Pansonga pa nsungwi panatuluka chingwe. Chinali chamatope. Ababa anachigwira. Anakoka. Anakoka.

M'madzi munatuluka kamutu. Kenako khosi. Khosi. Khosibe!

"Chikhosi!" anafuula Jamila. "Asanu! Ababa, asanu!"

"Alihamudulillah!" anatero Ababa. "Kanthu n'khama, mwana iwe!"

Ababa anavuula mono uja. Unali wolemera. Munali milamba iwiri ikuluikulu. Jamila sanaiyang'ane n'komwe. Iye ankamasula Chikhosi. Anamangapo patapata wa khosi lalitali. Anamuponya pamadzi. Patapatayo anayandama bwinobwino.

Chikhosi anali wodzaza madzi. Jamila anamufinya pamimba. Madzi anatuluka pabowo paja. Fyuuu! Anakathira Ababa pamphuno penipeni.

Jamila anagwira pakamwa. Ababa anaphethira. Madzi amatope ankatsika m'ndevu zawo.

"Wandibwezera," anatero Ababa. "Ndalandira."

Onse awiri anaseka. Mphepo inali kumbuyo kwawo tsopano. Inawakankha mpaka padoko.

Atafika kunyumba, Amama anawachingamira.

"Angati?" anafunsa Amama.

"Asanu!" anayankha Jamila.

Jamila anawasambitsa onse ndi sopo. Ulendo uno sanachoke pabeseni. Anawapukuta. Anawaimika pamkeka kuti aume. Kenako ananyamula Chikhosi. Anamutembenuza. Bowo lija linali pompo, lakuda m'mbali. Jamila analisisita ndi chala. Anali wosangalala, koma bowolo linkamuwawabe mumtima.

Ababa analowa m'khitchini. Anatuluka ndi mbaula ya moto. Anabweretsa mpeni wakale. Anabweretsanso kachidutswa ka chidebe chosweka. Ndi mmene ankamatira zidebe za Amama zikabooka. Ankawotcha mpeni, n'kusungunula pulasitiki pabowo.

Ababa anaika mpeni pamoto. Anakhala pamkeka, pafupi ndi Jamila. Anatambasula dzanja kuti atenge Chikhosi. Dzanja linafika pakati. Linaima. Linabwerera.

Ababa anakhosomola pang'ono.

"Jamila," anatero Ababa. "Ndinalakwa. Pepa, mwana wanga."

Amama anasiya kupinda zovala.

"Ndikufuna ndimate bowolo," anatero Ababa. "Kodi ndingamugwire Chikhosi?"

Jamila anayang'ana mpeni. Anayang'ana Chikhosi. Anayang'ana Ababa. Ababa anadikira.

"Mugwireni," anatero Jamila. "Koma pang'onopang'ono. Wavutika kale."

Jamila anapereka Chikhosi ndi manja awiri, monga amachitira mwana waulemu.

Ababa nawonso analandira ndi manja awiri.